Kukhazikika kwa eni: mayankho a makalata ochokera ku Joni ndi ku Britain

WOULUTSA: Lero thumba lathu ladzaza ndi makalata a abale athu amene ali kunja, ambiri a ku South Africa ndi ku Britain. Sakufunsa za visa kapena za mtengo wa tikiti ayi, kumeneko anadutsako kale. Akufunsa za moyo wa tsiku ndi tsiku: kukwera minibasi, kupeza anzawo, kulera ana, kudya nsima. Ndili ndi mayi athu mlangizi, amene anakhalapo m'mayiko awiri onsewa ndipo akhala akuthandiza anthu ongofika kumene. Mayi, mwaswera bwanji?

MLANGIZI: Ndaswera bwino achimwene, kaya inu. Ndikupereka moni kwa onse amene atilembera. Tiyeni tiyambepo, makalatawo ndikuona kuti ndi ambiri.

WOULUTSA: Yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Glasgow, ku Scotland. Akuti: "Ndinafika kuno mu September kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ntchito ikuyenda, malipiro akubwera, koma ndikaweruka ndimangodzitsekera m'chipinda. Oyandikana nawo nyumba sindikuwadziwa ndi dzina lomwe. Kunja kumada msanga, ndipo masiku ena ndimangolira popanda chifukwa. Ndikawauza kwathu amati ndikudandaula chiyani poti ndili ku Ulaya. Kodi ndinalakwitsa kubwera?"

MLANGIZI: Achemwali anga, simunalakwitse, ndipo misozi imeneyo chifukwa chake chilipo. Ndiyambe ndi mdima mwatchulawo, poti anthu ambiri amaupeputsa. Kwathu kuno dzuwa silisinthasintha kwenikweni, chaka chonse limatuluka cham'ma 5 kapena 6 koloko n'kulowa cham'ma 6 madzulo. Ku Glasgow m'mwezi wa December limatuluka itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, ndipo 4 koloko isanakwane lalowa kale. Munthu wa mashifiti amachoka pakhomo kuli mdima n'kubwerako kuli mdima. Thupi limene linakulira ku Dowa kapena ku Nsanje silingalandire zimenezo osadandaula. Tulo timasokonekera, mphamvu zimachepa, mtima umangolemera. A zaumoyo kumeneko amalangiza kuti munthu azimwa vitamini D wa mamaikilogalamu 10 tsiku lililonse nyengo yozizira yonse, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino kumwa chaka chonse, chifukwa khungu lathu limafuna dzuwa lambiri kuti lipange vitaminiyu. Amagulitsa m'mafamase ndi m'masupamaketi pa mtengo wochepa. Tsiku limene simukugwira ntchito, valani jekete masana mutuluke, muyende ngakhale theka la ola, kaya kuli mitambo.

Ngati simunalembetse kwa dokotala wa m'dera lanu, amene amamutcha GP, kalembetseni sabata ino. Salipiritsa. Kulira, kusowa tulo ndi kusafuna chakudya zikapitirira masabata awiri, kamuuzeni mmene mwandiuzira ine. Kumeneko matenda a maganizo amawatenga ngati matenda ena onse, palibe amene akakusekeni. Usiku ukakulemerani kwambiri, nambala ya 111 ndi ya a zaumoyo, ndipo a Samaritans amayankha pa 116 123 usana ndi usiku, mwaulere.

Koma gwero lenileni la kalata yanu ndi ili. Kwathu munthu safunafuna anthu, amabadwira pakati pawo. Ukasamukira ku Ndirande kapena ku Area 25, tsiku lomwelo mayi wa nyumba yoyandikana wafika kudzapala moto kapena kudzapempha mchere, mawa lake mwadziwana, sabata yamawa akukutengera ku maliro a m'deralo. Kumeneko ulemu wawo ndi wina. Iwo amaona kuti kugogoda pakhomo pa munthu asanakuitane n'kumusokoneza. Akakusiyani nokha amaganiza kuti akukulemekezani, pamene inu mukuganiza kuti sakukufunani. Mukati mudikire kuti abwere okha, chaka chitha muli chidikirire. Woyamba muyenera kukhala inuyo.

Ndipo musayambe ndi kufunafuna bwenzi lapamtima. Sankhani malo amodzi, tsiku limodzi, muzipezekapo sabata iliyonse osaphonya. Anthu a kumeneko amazolowera munthu pomuona kawirikawiri pamalo amodzimodzi. Ulendo woyamba angokugwedezerani mutu, wachitatu akufunsani dzina, pakatha miyezi iwiri mukajomba akufunsani kuti munali kuti. Ngati mumapemphera, mapemphero akatha musathamangire basi. M'matchalitchi ambiri mumakhala tiyi ndi mabisiketi, ndipo macheza enieni amachitika pamenepo. Ngati mumaimba, lowani kwaya. Ngati mumakonda kuyenda, Loweruka lililonse 9:30 m'mawa m'mapaki ambiri a ku Scotland anthu amasonkhana kuthamanga kapena kungoyenda makilomita 5, amati parkrun, ndipo salipiritsa. Ku laibulale ya m'dera lanu kuli bolodi lolembapo magulu a m'deralo. M'mashopu ogulitsa zovala za kaunjika pothandiza osowa amafuna anthu ongodzipereka maola awiri kapena atatu pa sabata.

Inuyo muli ndi mwayi umene Mmalawi wa ku London alibe. Kufupi ndi Glasgow kuli tauni ya Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo dzina la mzinda wathu linachokera kumeneko. Amishoni amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anali a ku Scotland. Mu 2005 boma la Scotland ndi la Malawi anasainirana pangano la mgwirizano, ndipo ku Edinburgh kuli bungwe la Scotland Malawi Partnership limene limalumikiza masukulu, mipingo ndi magulu a mayiko awiriwa. Mukangonena kuti ndinu wa ku Malawi, musadabwe kumva gogo wina akukuuzani kuti mpingo wawo uli pa ubale ndi wa ku Ekwendeni, kapena kuti mwana wawo anakagwirapo ntchito ku Zomba. Khomo limenelo ndi lotsegula kale, lowanipo.

Mbande ya fodya ikangowokedwa imayamba yafota, masamba kugwa, munthu n'kuganiza kuti yafa, koma pansi mizu ikugwira. Miyezi imene mulimoyi ndi yofota. Pofika April masana atalika, ndipo mu June kumawala mpaka cham'ma 10 koloko usiku.

Ndiloleni achimwene ndilankhulenso ndi abale ali kumudzi kuno. Mwana wanu kapena mchemwali wanu akakuimbirani n'kunena kuti wasungulumwa, musamuyankhe kuti akudandaula chiyani. Ndalama za mapaundi sizicheza ndi munthu. Mufunseni kuti wadya chiyani, mumuuze za mvula, za mbuzi, za amene wakwatiwa. Foni imodzi yopanda pempho la ndalama imamulimbitsa sabata yonse.

WOULUTSA: Mawu amenewo awamva ambiri. Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Mangochi amene ali ku Johannesburg. Akuti amagwira maganyu a m'magadeni. "Ndimayenda pansi mtunda wautali chifukwa ndimaopa kukwera taxi. Sindidziwa kuimitsa kwake, ndipo anzanga anandiuza kuti ndikalankhula adziwa kuti ndine mlendo. M'taxi ndimangokhala duu mpaka kupitirira potsikira. Nanga ndizikhala wosalankhula mpaka liti?"

MLANGIZI: Mwana wanga, mantha akowo sindikuwanyoza. Mu May 2008 ziwawa zodana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kufalikira, ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu April 2015 zinabukanso ku Durban, mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Aliyense amene ali ku Joni amazidziwa zimenezi, ndipo kusamala n'koyenera. Koma kukhala chete sikungakubise. Munthu wosapereka moni, wosayankha, woyang'ana pansi, ndi amene amaonekera msanga kuti ndi mlendo, ndipo tsiku la mavuto palibe womudziwa woti n'kumuikira kumbuyo.

Za taxi n'zosavuta. Kumeneko taxi ndi minibasi yomweyi, koma ambiri alibe kondakitala woitanira. Umaimika ndi chala. Mu Johannesburg kuloza chala m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, kuloza pansi ndiye kuti ukutsikira m'dera lomwelo. Njira zina zili ndi zizindikiro zawo, ndipo amayi ogulitsa zipatso pa siteji amazidziwa zonse. Apatse moni, ugule nthochi imodzi, ufunse. Safunsa anadya phula. Ukalowa, pereka moni kwa amene wakhala naye. Ndalama amasonkhetsa mzera ndi mzera n'kumapatsirana mpaka kutsogolo, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndi amene amawerenga ndi kubweza chenji. Masiku oyamba usakhale mpando umenewo, ndipo uzinyamula ndalama zing'onozing'ono, makamaka m'mawa. Potsika anthu amangofuula kuti "after robot" akafuna kutsikira kungodutsa maloboti, kapena "short left" akafuna kutsikira pa kamsewu kakumanzere kali patsogolo. Mawu awiriwo akwanira kuti usapitirirenso.

Tsono chilankhulo. Dziko limenelo lili ndi zilankhulo 12 zovomerezeka ndi boma, kuphatikizapo chinenero chamanja chimene anachiwonjezera mu 2023, koma m'misewu ya Joni Chizulu ndi chimene chingakufikitse kutali. Munthu mmodzi mwa anayi alionse m'dzikomo amalankhula Chizulu pakhomo pake, ndipo ena ambiri amachimva. Ife Amalawi sitiyambira patali. Angoni a ku Mzimba, Mchinji ndi Ntcheu anachokera komweko, gulu la Zwangendaba linawoloka Zambezi mu 1835, ndipo ukatchera khutu umva mawu ambiri ofanana ndi athu, a nyama, a mvula, a munthu. Yamba ndi moni: sawubona kwa munthu mmodzi, sanibonani kwa ambiri, ngiyabonga pothokoza. Ukakhala kumene kuli Asotho kapena Atswana, dumelang. Adziwa ndithu kuti si iwe mwana wa pamenepo, koma munthu amene akuyesetsa kulankhula chilankhulo cha eni amamulandira mosiyana ndi amene amangoyankha m'Chingerezi. Tsegula wailesi ya Ukhozi FM pogwira ntchito m'gadenimo, makutu azolowera okha.

Azigogo athu amene anapita ku migodi pa Wenela ndi pa Theba ankafikira m'makomboni otsekedwa, chakudya ndi pogona zili kwa kampani. Iwe ukukhala pakati pa eni dziko, ukulipira lendi kwa mwini nyumba wa komweko, ukugula buledi pa spaza, kagolosale ka pakona. Moyo wako uli m'manja mwa anthu amenewo. Dziwana ndi mwini nyumba, dziwana ndi oyandikana nawo. Pakachitika maliro mumsewu wanu, pita ukanyamule mipando. Pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, sankha timu ukaonere limodzi ndi anyamata a pamenepo. Amenewo ndi amene adzakutsine khutu kuti lero usatuluke, kwavuta.

Zinthu ziwiri ndisakusiye osakuuza, ngakhale sunafunse. Choyamba, kuzizira. Johannesburg ili pamtunda kwambiri, ndipo mu June ndi July usiku kumagwa chisanu. Usagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Utsi wake suoneka ndipo sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso, ndipo chaka chilichonse anthu amafa motero. Gula bulangete lina. Chachiwiri, mapepala. Mmalawi amaloledwa kulowa m'dzikomo popanda visa kwa masiku 30, ndipo chilolezo chimenecho ndi chochezera, si chogwirira ntchito. Ukapitiriza masiku, potuluka amakuletsa kubwereranso, chaka chimodzi ngati wapitiriza pang'ono, zaka zisanu ngati wapitiriza kuposa masiku 30. Usapereke pasipoti yako kwa munthu wolonjeza chidindo cha pakona, chidindo chabodza ndi mlandu woposa kupitiriza masiku. Komabe dziwa kuti malamulo aakulu a dzikolo amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi kuchipatala, ndipo bwana akakuchotsa ntchito mopanda chilungamo kuli bungwe la CCMA kumene umakadandaula pasanathe masiku 30.

WOULUTSA: Iyi ndi yaifupi, ya mtsikana wophunzira ku Manchester. "Ndatopa ndi mpunga ndi buledi. Ndikaphika usipa anzanga a m'nyumba amatsegula mawindo. Ndisiye?"

MLANGIZI: Usasiye mwana wanga. Ufa umapezeka m'mashopu a Afirika ndi a amwenye, wambiri ndi wochokera ku South Africa, ndipo nsima yake imagwira bwino. Masamba amene m'Chingerezi amati kale ndi spring greens amalowa m'malo mwa repu, ndipo chiponde cha m'botolo chopanda shuga chimatendera ngati nsinjiro. Wina akamabwera kuchokera kumudzi angakunyamulire usipa kapena utaka wouma, nsomba zimaloledwa, koma nyama ndi za mkaka zochokera kwathu amalanda pa bwalo la ndege. Za fungolo, khitchini ndi ya nonse. Tseka chitseko, yatsa fani, tsegula windo wekha iwo asanatsegule, ukatha tsuka mapoto nthawi yomweyo. Kenako tsiku lina uwaphikire nsima ya nkhuku ndi masamba otendera, uwaonetse kusamba m'manja ndi kutema mbamu. Munthu amene wadya nawe m'mbale imodzi sadandaulanso za fungo monga kale.

WOULUTSA: Tsopano bambo wina wa ku Cardiff, ku Wales. Kalata yake ndi yowawa mtima. "Ndili ndi ana awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 13. Chifikireni kuno asintha. Amandiyankha, amandiyang'ana m'maso, Chichewa akukana. Wamkuluyo ndinamuopseza ndi lamba ndipo anandiuza kuti akanena kusukulu. Kodi dziko lino ana alibe mwambo?"

MLANGIZI: Bambo, ndiyambe ndi lamulo kuti musagwe m'mavuto. Ku Wales kumenya mwana mwa njira iliyonse, ngakhale kambama kamodzi, ndi mlandu kuyambira mu March 2022. Ku Scotland lamulo lotero linayamba mu November 2020. Mwana akanena kusukulu kuti wamenyedwa, aphunzitsi amakakamizidwa kudziwitsa a zosamalira ana, ndipo nkhani ikafika kumeneko imakhala yaitali ndi yopweteka banja lonse. Lambayo muikeni pansi lero lomwe. Samalaninso za kusiya ana okha m'nyumba pamene nonse muli ku shifiti. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mayi woyandikana naye amaponyako diso osauzidwa. Kumeneko diso limenelo palibe, ndipo kusiya mwana wamng'ono yekha pamalo poti angavulale ndi mlandu. Gwirizanani ndi banja lina muzisinthana.

Koma sindikuvomereza kuti ana anu ataya mwambo. Akukhala m'miyambo iwiri tsiku lililonse, ndipo palibe amene anawafotokozera. Kusukulu mphunzitsi amawauza kuti aziyang'ana munthu m'maso polankhula, ndipo mwana woyang'ana pansi amamuganizira kuti akubisa kanthu. Amawapatsa malikisi chifukwa chofunsa ndi kutsutsa. Madzulo afika pakhomo, zomwezo zasanduka mwano. Mwana wa zaka 13 katundu ameneyo ndi wolemera. Khalani naye pansi mumuuze kuti mukudziwa kuti kusukulu n'kotero, koma m'nyumba muno timapereka moni m'mawa, timalandira chinthu ndi manja awiri, wamkulu akamalankhula timadikira. Mumuuze chifukwa chake, chifukwa ana a kumeneko amamvera chinthu chimene achimvetsa. Chilango chilipo chambiri chopanda lamba: kulanda foni, kuletsa kupita kocheza, kuchotsa ndalama ya m'thumba. Chofunika ndi chakuti mukanena muzichita, ndipo inu ndi mayi awo muzilankhula chimodzi.

Za Chichewa, ndikupemphani ndi mtima wonse, musatope. Inu muzilankhula nawo Chichewa ngakhale akuyankheni m'Chingerezi. Musawaseke akaphonya katchulidwe, mwana akasekedwa kamodzi amatseka pakamwa. Lamlungu aziyankhula ndi agogo awo pa WhatsApp. Chingerezi sichifuna thandizo lanu, achipeza kusukulu, pa TV ndi kwa anzawo. Chichewa ali nacho kwa inu nokha. Ndipo kusukulu akaitana makolo kukakambirana ndi aphunzitsi, pitani, ngakhale kutanthauze kusinthitsa shifiti. Pa geti ya sukulu ndi pamene makolo ambiri obwera amapezera anzawo oyamba.

WOULUTSA: Mayi, pali makalata angapo ofunsa chinthu chimodzi, ndingowaphatikiza. Anzawo a kuntchito akuwaitanira ku pub kapena ku braai, ndipo ena samwa mowa, ena anachita manyazi atapita opanda ndalama poganiza kuti woitana ndiye alipira.

MLANGIZI: Pitani. Mukakana kawiri katatu amasiya kukuitanani, osati chifukwa chokwiya, koma poganiza kuti simufuna. Ku Britain pub ndi malo ochezera, mumalowa mabanja, mumadyedwa chakudya, ndipo munthu womwa Fanta palibe amene amamudabwa. Nyamulani ndalama zanu. Aliyense amadzilipirira, kapena amagulirana mosinthana, ndipo mukalandira za anzanu dziwani kuti nthawi yanu yogula ifika. Ngati thumba silikulola, nenani poyamba kuti mudzigulira nokha, palibe cholakwika. Ku South Africa akakuitanirani braai funsani kuti mubweretse chiyani, kawirikawiri aliyense amanyamula nyama ndi chakumwa chake. Nthawi isungeni. Akati 7 koloko ndi 7 koloko, ndipo mukachedwa tumizani uthenga. Kunyumba kwa munthu musangotulukira, yambani mwaimba.

WOULUTSA: Kalata yotsiriza yachokera ku Cape Town, kwa mayi amene amagwira ntchito ya m'nyumba. "Ndatha zaka zitatu kuno koma ndilibe kalikonse. Malipiro akangolowa, foni yayamba: fizi, feteleza, matenda, maliro. Ndimakana kupita kulikonse kuti ndisunge ndalama. Amalawi anzanga ndinawasiya chifukwa cha miseche. Tsopano ndilibe ndalama, ndilibenso anthu."

MLANGIZI: Achemwali, kalata yanu ikanatha kulembedwa ndi anthu masauzande. Kuthandiza abale ndi chinthu chabwino, ndipo nyumba zambiri za malata ku Mzimba, Nkhata Bay ndi Mangochi zinamangidwa ndi thukuta la ku Joni. Koma thandizo lopanda malire limagwetsa wothandizayo, ndipo mukagwa inu onse aja agwa. Khalani pansi ndi pepala. Lembani lendi, chakudya, thiransipoti, ndi ndalama yosunga imene simuikhudza. Yotsalayo ndiyo ya kumudzi, ndipo muwauze kuchuluka kwake ndi tsiku limene muzitumiza mwezi uliwonse. Sankhani munthu mmodzi wolandira. Fizi muzilipira ku akaunti ya sukulu, muone lisiti. Tumizani kudzera m'njira zovomerezeka monga Mukuru, imene imafikitsa ndalama pa foni, osati kupatsira munthu wa pa basi amene simukumudziwa. Mwezi woyamba adzadandaula, ena adzati mwayamba kunyada. Pofika mwezi wachinayi adzakhala atazolowera, ndipo nawonso adzayamba kukonzekera. Muwauzenso zoona za moyo wanu: lendi ndi ndalama zingati, mumadzuka nthawi yanji, chipinda chanu n'chotani. Ambirife timatumiza zithunzi titaima pa nyumba ya abwana kapena m'mphepete mwa nyanja, kenako n'kumadabwa kuti mapempho akuchuluka.

Pa ndalama yanuyo patulaninso kachepe ka inu mwini. Tikiti ya sitima yopita ku Muizenberg tsiku lopuma, tiyi ndi mnzanu, chopereka cha ku kwaya. Si kuwononga kumeneko. Munthu amene amangogwira ntchito n'kugona amadwala, ndipo matenda ndi okwera mtengo kuposa tiyi.

Tsono za Amalawi anzanu, pamenepa ndikutsutsani. Miseche ilipo, sindikana, ndipo ili paliponse pamene pali anthu. Simukakamizidwa kuuza aliyense zamumtima mwanu. Koma kudzipatula kotheratu n'koopsa. Mukadwala mwakayakaya, amene adzadziwitse kwanu ndani? Munthu akamwalira ku Cape Town, kunyamula thupi mpaka ku Malawi kumafuna ndalama zambiri, ndipo amene amasonkha ndi Amalawi anzake, kudzera m'magulu a maliro, m'mipingo ndi m'mizikiti. Ofesi ya kazembe wathu ili ku Pretoria ndipo ina ili ku Johannesburg, zingathandize pa mapepala, koma sizingakuphikireni phala. Lowani gulu limodzi la maliro, muzilipira mwezi ndi mwezi. Pa 6 July Amalawi akasonkhana kukumbukira ufulu wathu, kaonekereni. Mwa anthu makumi asanu mupezamo awiri oti n'kuwakhulupirira, ndipo awiriwo akwanira.

Musalekere pomwepo. Amayi a Chixhosa amene mumakwera nawo taxi m'mawa ali ndi magulu awo a stokvel, chiperegani chomwechi timachidziwa kwathu, ndipo ena amagula chakudya chambiri pamodzi kumapeto a chaka n'kugawana. Yambani ndi molo, moni wawo. Mukadziwana bwino ndi kuona kuti gululo lili ndi malamulo olembedwa ndi akaunti ya kubanki, pemphani kulowa. Munthu wa kunja amafunika mbali zonse ziwiri, akwawo omudziwa kumene achokera, ndi eni dziko omudziwa kumene ali.

WOULUTSA: Mayi, nthawi yatithera, ndipo makalata a ku Ireland, ku Lusaka ndi ku Harare atsala. Tiwawerenga sabata yamawa. Mawu otsiriza?

MLANGIZI: Ndi pempho chabe, kwa inu amene munafika kalekale ndipo munakhazikika. Mukamva kuti kwabwera Mmalawi watsopano m'dera lanu, musadikire kuti akufuneni. Mutengeni Loweruka likubwerali mukamuonetse kokwerera basi, kogula ufa, kolembetsa kuchipatala, ndipo mumupatse nambala yanu ya foni.

WOULUTSA: Omvera, pitirizani kutilembera, ndipo polemba tchulani dziko ndi mzinda umene muli kuti yankho likhale lokuthandizani.